Thobwa la Amisiri ku Chinsapo

Maness Chadzunda anagula puloti ku Chinsapo mu Meyi, anaumbitsa njerwa mu Ogasiti, uvuni n'kuwotcha mu Seputembala. Pa 21 Okutobala amisiri anayamba ntchito. Maziko okha ndiwo anamangidwa ndi simenti. Makoma onse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ankamangidwa ndi matope, monga nyumba zambiri za m'deralo. Khoma lotere likakhala pansi pa denga limakalamba ndi mwini wake, koma mvula ikalipeza lili pambalambanda, matope amasungunuka, njerwa n'kuyamba kugweluka ngati mano a nkhalamba. Ku Lilongwe mvula yeniyeni imakonda kufika Novembala akadutsa pakati. Maness ankadziwa zimenezi, choncho anadziikira tsiku: pofika Loweruka pa 16 Novembala, malata akhale atakhomedwa.

Mwamuna wake, Geoffrey, anali dalaivala wa thiraki ndipo mwezi umenewo anali pa ulendo wa ku Beira. Ntchito yoyang'anira inagwera Maness yekha. Iye anali kalaliki pa kachipatala kena ku Old Town, munthu wozolowera kulemba nthawi imene wodwala wafika ndi nthawi imene watuluka. Anatenga tchuthi cha masabata atatu kuyambira Lolemba pa 28 Okutobala, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera maminibasi awiri kuchokera ku Kawale, kumene ankachita lendi, kukafika pa pulotipo 7 koloko isanakwane.

Amisiri anali atatu. Wamkulu anali a Gilford, bambo wa ku Mponela wa imvi m'ndevu, amene ankati theka la Chinsapo linamangidwa ndi manja awo. Wachiwiri anali a Pemphani, mlamu wawo, munthu wosayankhulayankhula. Wachitatu anali a Emmanuel, oponda matope ndi kututa njerwa, omwe ankaimba nyimbo za kwaya tsiku lonse ngakhale kutchalitchi anasiya kalekale.

M'mawa anthuwa ankagwira ntchito yosiririka. Njerwa zinkauluka kuchoka m'manja mwa a Emmanuel kupita kwa a Pemphani, mizere n'kumakwera mowongoka ngati yojambula ndi rula. Koma 12 koloko ikangokwana, a Gilford ankapukuta manja pa ovolosi, n'kunena kuti, “Madamu, tikaone kaye za lanchi.” Atatuwo ankatsetsereka kudambo, kuwoloka kamlatho ka matabwa, n'kuzimiririka kuseri kwa nthochi.

Lolemba anabwerako 2:40. Lachiwiri 2:55. Lachitatu anatulukira 3:10, a Emmanuel akuimba besi ndi tena nthawi imodzi. Maness analemba zonsezi kumapeto kwa buku lake la nyimbo, ndipo atawerengera bwino anapeza kuti pa liwiro limenelo makoma adzatha pa 22 Novembala, denga lisanayambe n'komwe.

Lachinayi anawadikirira pakamlatho.

“A Gilford, lanchi imeneyi mumakadyera ku Mponela?”

“Ayi, Madamu, pompano apa, kwa mayi a Tisunge.”

“Mayi a Tisunge amagulitsa chiyani?”

A Gilford anayang'ana a Pemphani. A Pemphani anayang'ana nsapato zawo.

“Tchipisi, Madamu. Ndi tizakumwa tapang'ono totsitsira.”

“Mowa.”

“Aaa, Madamu, mawu amenewo ndi aakulu. Ife sitimwa ayi. Timangotsuka kukhosi. Fumbi la njerwa likakhazikika apa,” anagwira pammero, “munthu ukhoza kufa uli chiimire. Ngakhale galimoto ya abwana, kodi imayenda yopanda oilo?”

“Galimoto ya abwana sithira oilo maola atatu.”

“Kuyenda ndiko kumatichedwetsa, Madamu,” anatero a Emmanuel mofuna kuthandiza. “Mukanati muzitigulira n'kutibweretsera pompano, bwenzi 1 koloko tili pakhoma.”

Maness anawayang'ana mpaka nyimbo inawathera m'kamwa. Iye anali mlembi wa amayi a Mvano kutchalitchi kwawo. Tsiku loyamba kukumba maziko, abusa anabwera kudzapemphera pamalopo, ndipo Maness ananena pamaso pawo kuti pa puloti yake sipadzaponda botolo la mowa. Kuwachotsa ntchito amisiriwo sikukanathekanso. Mwezi umenewo mmisiri aliyense wodziwa kugwira levulo yowongolera khoma anali pa khoma la wina, aliyense akuthamangitsana ndi mvula yomweyo.

Nzeru inamubwerera ali mu minibasi. Ngati vuto ndi kukhosi, kukhosiko akhoza kukutsuka ndi thobwa. Thobwa ndi chakumwa cha Akhristu, limamwedwa pa zinkhoswe ndi pa maukwati, limakhutitsa, ndipo palibe anagwapo m'ngalande chifukwa cha thobwa.

Koma Maness anabadwira ku Kawale n'kukulira ku Kawale. Thobwa ankangolipeza lili m'makapu, ndipo iye mwini sankamwa chifukwa linkamupatsa chilungulira. Anaimbira foni azakhali ake ku Nathenje, iwo n'kumufotokozera mwadongosolo: aphike phala la mgaiwa, alisiye lizizire pang'ono, athiremo chimera cha mawere, avundule, ligone, m'mawa aliwiritsenso. Azakhaliwo sananene kuti thobwa limasungidwa masiku angati, chifukwa kwawoko funso limenelo palibe amafunsa. Thobwa la pa ukwati silifika mawa.

Maness anali munthu wosakonda kuchita chinthu kawiri. Loweruka anaphika la sabata yonse, malita makumi anayi, Lamulungu m'mawa n'kuliwiritsanso asanapite kutchalitchi. Madzulo ake wakabaza wa njinga yamoto ananyamula zigubu ziwiri mpaka ku Chinsapo. Analikhuthulira mu chidebe chachikulu cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro, n'kuchiika m'kashedi ka malata momwe ankasungiramo mafosholo ndi wilibala. Masana m'kashedimo munkatentha moti munthu sankatha kuimamo mphindi zisanu.

Lolemba pa 4 Novembala, 12 koloko, Maness anayala mabanzi ndi mtedza pa thabwa, n'kutunga thobwa m'makapu atatu.

“Kuyambira lero lanchi ndi pompano.”

A Gilford anamwa mwaulemu, ngati munthu amene akumwa mankhwala pamaso pa dokotala.

“Lokoma, Madamu. Ngati la amayi anga.” Anaika kapu pansi. “Tingokafika apa pang'ono, tikaone munthu wina wodwala.”

Wodwalayo anamuona mpaka 2:30. Lachiwiri wodwala yemweyo anafunanso kuonedwa. Lachitatu a Pemphani anamwa kapu yoyamba, anayang'ana m'kapumo, kenaka anaitambasula kuti awonjezere. Tsiku limenelo anapita awiri okha kwa wodwala, ndipo pobwerako anapeza a Pemphani atamanga okha mizere itatu, akumwetulira.

Lachinayi palibe amene anawoloka kamlatho. A Gilford anamwa makapu atatu, a Emmanuel anayi. Pofika 12:50 onse anali pakhoma, nthabwala zili pakamwa, njerwa zikuuluka.

“Madamu,” anafuula a Gilford ali pamwamba, “dzanja lanu ndi lodalitsika! Thobwa ili likukoma tsiku ndi tsiku!”

Madzulo a tsiku limenelo kunali msonkhano wa Mvano, ndipo Maness sanathe kuugwira mtima. Anaimirira n'kuchitira umboni kuti amuna atatu amene anali akapolo a mowa amasulidwa ndi thobwa wamba m'masiku anayi okha. Amayi analulutira. Awiri amene amuna awo ankavuta anamutsatira panja kuti awalembere kaphikidwe kake.

Loweruka, thobwa litatsala pang'ono pansi pa chidebe, Maness anati achitsuke. A Gilford anatsika pakhoma mothamanga kuposa msinkhu wawo.

“Madamu, musatero! Chidebe cha thobwa sichitsukidwa pakati pa ntchito. Latsopano mumangothira pamwamba pa lakale, kuti ana aphunzire kwa makolo. Ndi mwambo wa kwathu umenewo.”

“Kwathu sindinamvepo.”

“Kwanu ndi ku Kawale, Madamu, pepani. Komanso mukamabwera mutitengereko kachimera kapadera, kouma. Tizingowaza pamwamba, kuti likhale ndi fungo.”

Maness sanaone cholakwika. Anthu amene asiya mowa ayenera kulimbikitsidwa. Sabata yachiwiri anaphika malita makumi asanu ndi limodzi, anathira pamwamba pa makolo aja, ndipo chimera chapadera anabwera nacho m'jumbo. Ulendo uno panalibe zodikira Lachinayi. Lolemba lomwelo, pa 11 Novembala, amisiri anayamba kuyang'ana kukashedi 11 koloko isanakwane.

Tsiku limenelo ndi limene anafika Che Adamu, kalipentala wa ku Biwi, kwawo ku Mangochi, atakwera pamwamba pa matabwa m'kalole ka hayala. Anali munthu wochepa thupi, wa kachipewa koyera kumutu ndi pensulo kukhutu. Anayeza nyumbayo kawiri, anakhazika zida zake pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kukhoma mitanda ya denga pansi pomwepo, kuti makoma akadzangotha adzangoikweza.

Nthawi ya lanchi Maness anawapatsa kapu. Che Adamu anailandira ndi manja awiri, anaifikitsa pamphuno, kenaka anaiika pansi bwinobwino.

“Zikomo, mayi. Ndatenga tiyi m'fulasiki.”

Lachiwiri anachita chimodzimodzi. Lachitatu sanailandire n'komwe. Maness zinamukhudza. Anaganiza kuti mwina bamboyo sadya za m'nyumba ya Mkhristu, kapena akukayikira ukhondo wake. Lachinayi pa 14, a Gilford akumaliza nsonga ya khoma lomaliza, Maness anapita pansi pa mango paja.

“Che Adamu, ndikufunseni. Makapu angawa ndi akuda?”

“Ayi, mayi, ndi oyera kwambiri.”

“Nanga bwanji mumakana thobwa langa?”

Che Adamu anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, anaibwezera.

“Chipembedzo changa sichilola, mayi.”

“Thobwa?”

“Thobwa timamwa. Mwezi wa Ramadhani mkazi wanga Zaituni amaphika, timamasulira swaumu, kusala kudya kwathu kuja. Koma ilo la m'kashedimo linali thobwa kale, mayi. Pano lakula.”

“Lakula bwanji?”

“Lafika poti likhoza kukwatira.”

Maness sanaseke. Che Adamu ataona kuti sanamvetse, anatenga chingwe chawo n'kumuuza kuti awatsatire. Anakhoma msomali pa ngodya ina ya khoma lakumadzulo, anakoka chingwe mpaka ngodya inayo, n'kumuonetsa ndi pensulo.

“Mizere iyi ndi ya m'mawa. Onani, yagona pachingwe. Iyi ndi ya masana.”

Ya masanayo inkayenda ngati njira ya njoka pamchenga. Sinali yoipa kwambiri, koma munthu akaiona kamodzi sankathanso kusaiona. Kuyambira pa mawindo kupita m'mwamba, khomalo linali buku lolembedwa bwino: mizere inayi yowongoka, itatu yovina, inayi yowongoka, itatu yovina.

Maness analowa m'kashedi n'kutsegula chidebe. Thovu linali phuliphuli, likuwira lokha popanda moto, ndipo fungo linamumenya m'mphuno mpaka misozi. Anaviika chala n'kulawa. Anali asanalawepo mowa chibadwire, koma lilime silinafune womasulira. Anakumbukira umboni uja, nthungululu zija, ndi amayi awiri aja amene panthawiyo mwina anali atayamba kale kufululira amuna awo. Anatseka chidebecho pang'onopang'ono.

“Khomali ligwa?” anafunsa atatuluka.

“Siligwa. Lapendekera ndi zala ziwiri zokha, ndikonza ndi thabwa lapamwamba. Ligwa ndi iyo.” Che Adamu analoza cha ku Dzalanyama, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana ngati matumba a makala. “Koma ndinene pano, mayi. Mawa tikukweza mitanda, mkuja malata. Ndekha sindingathe, ndikufuna manja a anthu atatuwa. Ndipo munthu amene wamwa za m'chidebemo sakwera pa denga langa. Pakhoma akagwa amathyoka mwendo. Pa denga timakanena kwawo.”

Maness anaitana a Gilford. Iwo anabwera akupukuta manja, nkhope ili ngwee.

“A Gilford, m'chidebemo muli chiyani?”

“Thobwa, Madamu. Lophika inu nomwe.”

“Ndi mowa.”

“Aaa! Zoona?” Anatembenuka. “A Pemphani, mwamva? Akuti ndi mowa! Ndiye chifukwa chake ndimamva kutentha m'makutu!”

“Ine ndimangoti ndi mzimu wa ntchito,” anatero a Emmanuel.

“Mwandisandutsa wofulula, ine mlembi wa Mvano.”

“Madamu, tisanamizirane. Ife sitinathiremo kanthu koma chimera chimene munatipatsa. Zinazo ndi dzuwa, ndipo dzuwa si lathu. Komanso taonani, khoma latha lero pa 14. Tikanamapita kwa mayi a Tisunge bwenzi tili pa mawindo.”

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Maganizo ake oyamba anali okankha chidebecho ndi phazi, zonse zipite m'dzenje la matope. Koma anaona bwinobwino zimene zikanatsatira: mawa 12 koloko anthu atatu akuwoloka kamlatho, 3 koloko akubwerako akuimba, Che Adamu akuwaletsa kukwera, mitanda ili pansi, mitambo ili pamwamba. Kuwamwetsa sakanathanso, popeza tsopano ankadziwa. Anaima pakati pa ziwirizi kwa kanthawi, kenaka anatambasula dzanja.

“Kiyi wa kashedi.”

A Gilford anapereka kiyiyo ngati akupereka mwana.

“Mvetserani. M'menemo mwatsala malita osachepera makumi awiri ndi asanu. Palibe alawe mpaka lata lomaliza litakhomedwa. Likakhomedwa, chidebe ndi chanu, sindidzafunsa. Koma wina akangowoloka kamlatho kaja nthawi ya ntchito, kaya mawa kaya mkuja, ndikhuthula chonse m'dzenje inu mukuona.”

“Madamu!” A Gilford anagwira pamtima. “Loweruka lidzakhala la masiku asanu ndi limodzi. Mukudziwa kuti limenelo ndi lotani? Kwa mayi a Tisunge simungalipeze. Kutaya limenelo ndi tchimo.”

“Ndiye musandichimwitse.”

Lachisanu pa 15 mitanda inayamba kukwera 6:30. Pofika 11:45 inayi mwa isanu ndi iwiri inali itaima. Che Adamu anasamba m'manja ndi kumaso, anavala mkanjo woyera umene anabwera nawo m'chikwama, n'kupita kumzikiti kukaswali Juma, pemphero la Lachisanu. Iwo atangokhota pa ngodya, Maness anamva kulira kwa misomali kuseri kwa kashedi. Anazungulira n'kupeza a Emmanuel akuyesa kukanula lata lakumbuyo ndi hamala.

“Ndimafuna fosholo, Madamu.”

“Fosholo ili m'manja mwa a Pemphani.”

Anatsegula kashediko, analamula a Emmanuel omwewo kuti atulutse chidebe n'kuchiika pansi pa mango, pamaso pa aliyense. Kenaka anakonza chitenje chake n'kukhala pa chivundikiro.

Anakhalapo ola lathunthu ndi theka. Amisiri anadya mabanzi ndi tiyi atakhala moyang'anizana naye, maso onse ali pansi pa chitenjecho. Chidebecho sichinakhale chete. Mpweya unkadzaza m'kati, chivundikiro n'kumatukuka pang'onopang'ono, kenaka n'kutulutsa kamluzu m'mbali, fyiii, fungo n'kufalikira bwalo lonse.

“Likulira, Madamu,” anatero a Gilford mwachisoni. “Likuitana eni ake.”

“Lizilira.”

“Tingolipepesa ndi kapu imodzi. Imodzi yokha, tigawane atatu.”

“A Gilford, mitanda yatsala ingati?”

“Itatu.”

“Ikukuitananinso.”

Mayi wina woyandikana nawo, amene ankadutsa ndi ndowa ya madzi, anaima n'kufunsa ngati Maness akudwala, poti wakhala malo amodzi chikhalire. A Pemphani, amene sabata yonseyo anali asanayankhule mawu opitirira khumi, anayankha kuti, “Akufungatira mazira.” Ngakhale Maness anaseka, koma sanadzuke.

Che Adamu anabwerako 1:20. Anawanunkhiza atatuwo mmodzimmodzi ngati mayi wofufuza ana amene aba shuga, n'kugwedeza mutu kuti akwere. Pofika 5 koloko mitanda yonse inali itaima, mapaso atakhomedwa. Cha kumadzulo kunkang'anima, koma ku Chinsapo sikunagwe dontho.

Loweruka pa 16 kunacha kotentha mopanda mphepo, kutentha kumene aliyense amadziwa tanthauzo lake. Malata anali makumi atatu ndi asanu ndi atatu. A Emmanuel ankapatsira ali pansi, a Pemphani ankalandira, a Gilford ankagwira, Che Adamu ankakhoma. Maness anali pa chidebe chake kuyambira 7 koloko, akuwerenga malatawo. Pofika 12 koloko anali atakhoma makumi awiri ndi awiri.

“Lanchi!” anaitana Maness.

“Lanchi yachiyani, Madamu?” anayankha a Gilford osatembenuka. “A Emmanuel, lata! Mukuyenda ngati mukuperekeza mkwatibwi bwanji?”

Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyo, 12 koloko inadutsa popanda woizindikira. Anadya mabanzi ali pa denga pomwepo, dzanja lina lili pa lata.

Mphepo inayamba 2:15. Inabwera ndi fumbi, mapepala ndi majumbo a m'misika yonse ya kumadzulo, ndipo lata lina linatsala pang'ono kuuluka ndi a Pemphani. Kumwamba kunada. Anthu a m'nyumba zoyandikana ankathamanga kuanula zovala ndi ufa. Malata anali atatsala asanu, onse a mbali ya khitchini. Madontho oyamba, akuluakulu ngati ndalama zachitsulo, anagwa 2:50, atatsala awiri.

“Tsikani!” anakuwa Maness, amene tsopano anali ataimirira, chidebe ataiwala. “Mugwa! Tsikani, zikhale!”

“Zikhale bwanji, mayi?” anayankha Che Adamu misomali ili pakamwa. “Gwirani apo, a Gilford!”

Mvula inakhuthuka yonse nthawi imodzi. Ngodya ya khitchini inanyowa, matope ofiira n'kuyamba kutsetsereka pakhoma ngati misozi. Maness anathamangira m'kati, anatenga pepala la pulasitiki lokutira simenti n'kuliponya m'mwamba, a Pemphani n'kuliyala pa njerwazo. Hamala inkamveka pakati pa mabingu. Lata lomaliza linakhomedwa 3:05, ndipo atatu amene anali padenga anatsika makwerero ali chonyowa, akuseka ngati ana.

Analowa onse m'nyumbamo. Munalibe zitseko, munalibe mawindo, pansi panali dothi, koma pamwamba mvula inkangosokosera pa malata osalowa. Maness anayenda chipinda ndi chipinda nkhope ili m'mwamba, dzanja atatambasula. Pabalaza panali pouma. Kuchipinda kwa ana kunali kouma. Kukhitchini njerwa zitatu zapamwamba zinali zitasunthika, ndipo a Gilford anati imeneyo ndi ntchito ya mphindi khumi Lolemba.

Maness atatembenuka anapeza amisiri atatu ataima mondondozana, aliyense kapu ili m'manja. Chidebe anali atachilowetsa kale, chili pakati pa balaza.

“Madamu,” anatero a Gilford, “lata lomaliza lija.”

“Ndaliona. Chidebe ndi chanu.”

A Emmanuel anawerama kuti atsegule.

“Koma osati muno. Ndinanena pamaso pa abusa kuti pa puloti yanga sipamwedwa mowa. Zinachitikazo zinachitika ndisakudziwa. Lero ndikudziwa.”

“Madamu, kunjaku kukugwa mvula!”

“Ndaiona nayonso.”

A Gilford anayang'ana kunja, anayang'ana chidebe, anayang'ana Maness, n'kuona kuti pankhope pake palibe khomo lolowera.

“Puloti yanu imathera pati kwenikweni?”

“Pa mwala uwo, kuseri kwa mango.”

A Pemphani ndi a Emmanuel ananyamula chidebe uku ndi uku, a Gilford anatola chidutswa cha lata chimene chinatsala podula, ndipo atatuwo anatuluka mumvula. Atafika pa mwala wa malire, a Gilford anaponda phazi limodzi kutsidya, anayeza ndi diso ngati akuyeza khoma, n'kulamula kuti chidebe chisunthidwenso pang'ono, kuopa mkangano. Anakhala pansi mozungulira, lata lili pamitu, madzi akutsikira m'makosi. Posakhalitsa besi ya a Emmanuel inayamba kumveka.

Che Adamu anatsegula fulasiki yawo, anathira tiyi wotsala m'makapu awiri, imodzi n'kupatsa Maness. Anaima pakhomo lopanda chitseko akuyang'ana anthu atatu aja.

“Zitseko tiyambe liti, mayi?”

“Lolemba,” anatero Maness. Anamwa tiyi pang'ono, n'kuonjeza kuti, “M'mawa.”